Ngongole Ziwiri za Munthu wa Kumayadi

Mukamayenda m'misewu ya ku Area 10, Area 12 kapena Area 43, pakati pa nyumba zopakidwa penti watsopano mumapezapo ina imene udzu wafika m'chiuno, geti lachita dzimbiri, ndipo pagetipo pali maloko awiri, lililonse la mwini wake. Mukafunsa mlonda wa nyumba yoyandikana nayo amayankha mwachidule: "Eni ake anatisiya, nkhani ili kukhothi." Chifukwa chake si chovuta kuchiona. Likulu la dziko litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, amene anadzaza maofesi a ku Capital Hill anali anthu achinyamata, ongoyamba kumene mabanja. Bungwe la Capital City Development Corporation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1968, linadula misewu ndi mapoloti, ndipo m'kupita kwa zaka anthu amenewa anagula kapena kumanga nyumba kumayadi. Mbadwo umenewo wakalamba tsopano, ndipo tikuuperekeza mmodzimmodzi, ena kumanda a ku Area 18, ena kumidzi kwawo.

Chuma chimene akusiya n'chosiyana ndi chimene makolo awo anasiya. Agogo athu ankasiya munda, nkhokwe, mbuzi, mwina njinga yakapalasa ndi wailesi, ndipo mwambo unkadziwa kumene chilichonse chiyenera kupita. Awa akusiya nyumba ya lizi ya zaka 99 yolembedwa m'kaundula wa boma, penshoni, akaunti kubanki, masheya, galimoto, ndi poloti ina ku Area 49 yomwe mwina ngakhale mkazi wawo sakuidziwa. Zonsezi zimayenda ndi mapepala ndi siginecha. Koma wilo, pepala lonena mwini watsopano wa mapepala ena onsewo, ambiri sanalembe.

Ndinakhalapo pa msonkhano wa pabanja, tsiku lotsatira maliro, ku Area 47. Matenti anali asanachotsedwe, mabenchi a kutchalitchi ataunjikidwa pakhonde, azimayi akutsuka miphika kuseri. Pabalaza mipando inali itatulutsidwa, ndipo mayi wamasiye anakhala pamphasa atafunda chitenje kumutu, azichemwali ake atamuzungulira. Amalume a malemu, amene anachokera kumudzi, anayamba bwino: kuthokoza onse amene anathandiza pamaliro ndi kufotokoza mmene ndalama za chipepeso zayendera. Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti popeza mwana wawo wapita, akufuna aone makiyi a galimoto, blue book ndi mapepala a nyumba, kuti zisungike bwino. Ankhoswe a kuchikazi anayankha kuti masiku ano kuli lamulo. Apo m'pamene mlongo wa malemu, mayi wachikulire wa manja okhakhala ndi khasu, anatsegula pakamwa.

"Alamu, musatione ngati akuba. Achimwene posankhidwa kupita kusekondale, bambo anagulitsa ng'ombe, ine ndinalekezera Sitandade 6 kuti fizi ikwane. Feteleza wanga ankagula ndi iwowa. Mdzukulu wanga ankamulipirira sukulu ndi iwowa. Lero ndibwerere kumudzi chimanjamanja?"

Panadutsa nthawi wina asanayankhe. Ine ndinali kumbali ya mayi wamasiye, ndipo mpaka pano ndili komweko. Nyumbayo anamanga awiri, malipiro a mayiyo analowa m'njerwa ndi m'malata, ndipo mwana wawo womaliza anali Fomu 2. Komabe mlongo uja sindingamutche wakuba, pakuti zimene ananena zinali zoona. Malemu anali ndi ngongole ziwiri, ina kwa mkazi ndi ana, ina kwa anthu amene anamunyamula kumudzi mpaka kumufikitsa muofesi. Ali moyo ankabweza zonse ziwiri mwezi ndi mwezi, fizi kutauni, feteleza kumudzi. Atamwalira osalemba kanthu, anthu amene ankawakonda anatsala akuyang'anizana pamphasa imodzi, aliyense akuopa mnzake.

Kuti timvetse chifukwa chimene amalume amafunsira makiyi mopanda manyazi, tiyenera kukumbukira kuti kale lamulo lenilenilo linali kumbali yawo. Mwa Achewa mwana ndi wa kwa mayi ake, mwini mbumba ndi malume, ndipo wolowa m'malo mwa mwamuna ankakhala mwana wa mlongo wake. Kumudzi zimenezi zinali ndi nzeru yake, chifukwa bambo akamwalira ana ankatsala pamudzi pa mayi awo, ndi munda wawo ndiponso malume wawo wowayang'anira. Lamulo la Wills and Inheritance Act la 1967 linatenga nzeru imeneyi n'kuiika pa chuma cha m'tauni. Mwamuna akamwalira wopanda wilo, m'madera a chikamwini monga kuno kuchigawo chapakati, mkazi, ana ndi ena omudalira ankalandira magawo 2 mwa magawo 5, ndipo magawo 3 otsalawo ankapita kwa olowa chuma malinga ndi mwambo. M'madera a malobolo monga kumpoto ankagawana theka ndi theka. Koma mwana wobadwira ku Area 12 alibe munda kwa mayi ake umene akuudziwa, ndipo malume wake mwina anamuonapo kawiri kokha. Chimene ali nacho ndi nyumba ya bambo ake basi.

Zaka za m'ma 1990 zinaonetsa poyera kuipa kwa zimenezi. Edzi inkatenga anthu a zaka za m'ma 30 ndi 40, omwe anali ndi ana aang'ono ndi ngongole za nyumba, ndipo akalipentala a ku Mchesi ankakhoma mabokosi a maliro usana ndi usiku. Tonse amene tinali mu Lilongwe nthawi imeneyo tikukumbukira malole akutuluka m'mageti atanyamula mabedi, firiji ndi mipando, mayi ndi ana atatsala m'nyumba ya pululu. Malamulo aakulu a dziko a 1994 ananena m'gawo 24 kuti miyambo yolanda amayi katundu, kuphatikizapo wamasiye, ithetsedwe. Mu 1998 aphungu anasintha lamulo lija kuti kulanda chuma cha masiye kukhale mlandu. Mu 2002 bungwe la Women and Law in Southern Africa, motsogozedwa ndi Seodi White, linatulutsa buku la Dispossessing the Widow, lomwe linatchula mchitidwewu kuti ndi nkhanza kwa amayi. Ndipo mu 2011 kunabwera lamulo latsopano, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, lomwe tikuyendera lero.

Lamulo limeneli ndi labwino, ndipo ndimaliyamikira ndi mtima wonse. Munthu akamwalira wopanda wilo, chuma chake chimapita kwa mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi anthu amene ankamudaliradi. Katundu wa m'nyumba amatsala ndi wamasiyeyo. Mwana wamng'ono amalandira gawo lokulirapo kuposa wamkulu, popeza ulendo wake ukadali wautali. Ana onse ndi ana, wobadwira m'banja ndi wobadwira kunja komwe. Wolanda chuma cha masiye akhoza kukakhala kundende zaka 10. Koma taonani amene lamuloli limawatcha odalira malemu: makolo amene ankawasamala, ndi ana osakwana zaka 18 amene ankawalipirira sukulu. Choncho mdzukulu wa mlongo uja ali ndi polowera, koma mlongo mwiniwakeyo, amene anasiya sukulu kuti mchimwene wake aphunzire, alibe gawo. Lamulo silingadziwe za ng'ombe imene inagulitsidwa zaka 50 zapitazo. Amene akanaitchula papepala ndi malemu yekha.

Apa m'pamene ndimasiyana ndi anzanga ambiri amene amalimbikitsa anthu kulemba wilo ponena kuti ndi njira yotsekera abale pakhomo. Kulankhula kotero n'kumene kumachititsa amuna ambiri kuzengereza, chifukwa palibe amene amafuna kukumbukiridwa kumudzi ngati munthu amene anakana mtundu wake atalowa m'tauni. Ine ndimaona kuti, pansi pa lamulo la 2011, wilo ndi malo okhawo amene munthu angatchulemo mlongo wake. Ukangokhala chete lamulo limasamala mkazi ndi ana, abale n'kutsala ndi mkwiyo, ndipo mkwiyo umenewo umagwera mayi wamasiye amene sanalakwe kanthu. Ukalemba ukhoza kunena kuti nyumba ya ku Area 47 akhalemo mkazi wanga moyo wake wonse, pambuyo pake ikhale ya ana. Lendi ya boyizikota izipita kwa amayi anga kumudzi. Poloti ya ku Area 49 ndi ya mlongo wanga. Galimoto igulitsidwe, ndalama zake zilipire sukulu ya adzukulu awiri amene ndinayamba kuwaphunzitsa. Amalume akamva zimenezi sangafunse makiyi, popeza mwana wawo walankhula yekha.

Kulemba kwake si kovuta monga anthu amaganizira. Munthu akhale wa zaka 18 kapena kuposa, wa mutu wabwinobwino. Wilo ikhale yolembedwa, ndipo Chichewa chikuloledwa. Mwini wake asaine pamaso pa mboni ziwiri, nazo mbonizo zisaine iye akuona. Mboni zisakhale anthu amene akulandirapo kanthu, kuopa kuti mawa wina anganene kuti anamukakamiza. Atchulemo munthu wodalirika amene adzayendetse zonse, kulipira ngongole ndi kugawa zotsala. Komanso asaganize kuti wilo ndi chikwapu chokwapulira amene anakangana nawo, chifukwa khothi lili ndi mphamvu yopatsa gawo mkazi kapena mwana amene wasiyidwa pa mavuto. Kwa munthu wa nyumba zingapo ndi bizinesi, kupita kwa loya n'kwanzeru, ndipo maloya ali mbwee ku City Centre ndi ku Old Town. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi imene ana adzawononge pa mlandu.

Nanga chimatiletsa n'chiyani? Ambiri amati kulemba wilo n'kudziitanira imfa. Ena amati mkazi akadziwa kuti nyumba ndi yake akupha. Mawu achiwiriwa amandipweteka, chifukwa amanenedwa za mayi amene wakhala akukuphikira zaka 30. Koma ndikamacheza ndi amuna a msinkhu wanga ndimaona kuti pansi pa zifukwa zimenezi pali china chimene satchula. Wilo imafuna chilungamo. Imafuna kuti ulembe dzina la mwana wa ku Kawale amene mkazi wako sakumudziwa, ngongole ya katapila imene unatenga, nyumba imene unaiika chikole kubanki. Munthu amasankha kukhala chete, n'kusiya kuti mwanayo adzaonekere pamaliro atagwira dzanja la mayi ake, anthu akunong'onezana. Mwana ameneyo lamulo lidzamupatsabe gawo lake. Chimene bambo wamumana ndi ulemu wotchulidwa ndi kholo lake, ndipo chimene wamana mkazi wake ndi mpata womva nkhaniyo kwa mwini wake.

Amayi nawonso asaone ngati nkhaniyi ndi ya amuna okha. Ku Area 47 ndi ku Area 43 kuli nyumba zambiri zomangidwa ndi ndalama za amayi, a m'maofesi ndi a bizinesi za ku Dar es Salaam ndi ku Johannesburg. Mayi akamwalira abale ake nawo amabwera, ndipo mwamuna wotsala amauzidwa kuti ndi mkamwini, anyamule chikwama chake.

Pali zinthu zina zimene wilo payokha siikonza. Ndalama za penshoni zimatsata fomu imene munthu analemba kuntchito yotchula odzalandira. Chiyambire lamulo la penshoni la 2011 olemba ntchito amayenera kudulira antchito awo penshoni ndi kuwaikira inshulansi ya moyo, ndipo kwa mabanja ambiri ndalama zimenezi ndi zimene zimayamba kufika. Koma fomuyo ambiri anailemba tsiku loyamba ntchito ali mbeta, n'kutchulapo mayi awo ndi mng'ono wawo, ndipo sanaikhudzenso. Chimodzimodzi chikalata cha nyumba. Lamulo la Registered Land Act la 1967 limalola anthu awiri kulembetsa malo pamodzi m'njira yoti mmodzi akamwalira, malo onse amakhala a wotsalayo osadikira kugawa kwa chuma cha masiye. Mabanja ambiri amene anamanga limodzi analembetsa dzina la bambo lokha, poti ndi amene anapita ku Lands tsiku limenelo. Kukonza zimenezi onse ali moyo ndi nkhani ya mafomu ndi malipiro ake. Kuzikonza mmodzi atapita ndi nkhani ya makalata a kukhothi, ndipo pa nthawi yonse yodikirayo akaunti ya malemu imakhala yotsekedwa, fizi ikufunika.

Za trust anthu amaziona ngati za azungu ndi anthu olemera kwambiri, koma ganizo lake si lachilendo kuno ku Lilongwe. Pulogalamu ya chitukuko cha malo ya Lilongwe Land Development Programme, yomwe inayamba mu 1968, inalembetsa minda ya kumadzulo kwa mzinda uno ngati ndunda: malo a banja lonse, olembedwa m'dzina la munthu mmodzi woimira abale ake. Iyeyo si mwini, ndi msungi chabe. Trust ndi yomweyo. Umapereka nyumba kapena ndalama m'manja mwa asungi, n'kulemba momveka kuti azigwiritse ntchito bwanji ndiponso pothandiza yani. Imathandiza kwambiri pamene ana ali aang'ono, pamene pali mwana wolumala amene adzafune chisamaliro moyo wake wonse, kapena pamene ukuopa kuti mwana wako wamkulu adzagulitsa nyumba chaka chisanathe. Lendi imalipira sukulu, nyumba imakhalapobe, ndipo palibe mmodzi amene angaigulitse yekha.

Chitsanzo chachikulu tili nacho ku City Centre komweko. Kamuzu Banda anaika masheya a kampani ya Press mu Press Trust mu 1982, koma mphamvu zenizeni zinatsala m'manja mwake ndi mwa anthu ochepa omuzungulira. Boma litasintha mu 1994, aphungu anakhazikitsa lamulo lokonzanso trust imeneyi mu 1995, chipani cha MCP chinakasuma, ndipo khothi la Supreme linagamula mokomera boma mu 1997, chaka chomwe Kamuzu anamwalira. Lero Press Trust ikadalipo, ikumanga midadada ya sukulu ndi zipatala. Nkhani imeneyi imandiphunzitsa kuti trust ikhoza kukhala zaka zambiri woiyambitsa atapita, komanso kuti mkangano wonse umagona pa funso lakuti asungi ndi ndani ndipo amayankha kwa yani. Pabanja n'chimodzimodzi. Msungi mmodzi yekha, ngakhale akhale mchimwene wako weniweni kapena mkulu wa mpingo, ndi munthu, ndipo naye ali ndi ana ake ofuna fizi. Asungi akhale awiri kapena atatu, wina wa kuchimuna, wina wa kuchikazi, ndipo azionetsa mabuku chaka ndi chaka.

Ndinenenso kuti trust si pobisalira ngongole kapena msonkho. Ngongole za malemu zimalipidwa chuma chisanagawidwe, ndipo boma nalo limatengapo msonkho pa chuma chachikulu cha masiye. Bingu wa Mutharika atamwalira mu Epulo 2012, chuma chake chinawerengedwa kuti ndi cha K61 biliyoni, chiwerengero chimene a pabanja anachitsutsa, ndipo nkhani ya msonkho wake inakafika kukhothi. Ife a nyumba imodzi kapena ziwiri chotitetezera n'chosavuta: inshulansi yolipira ngongole ya nyumba mwini akamwalira, ndi kulekanitsa bizinesi ndi thumba la pakhomo. Mashopu ena a ku Area 2 akhala m'banja limodzi kuchokera kwa agogo mpaka kwa adzukulu, ndipo chimodzi chowathandiza n'chakuti bizinesi inalembetsedwa ngati kampani, ana analowetsedwamo bambo akadali pakauntala. Pomwe minibasi zisanu zolembedwa m'dzina la munthu mmodzi zimabalalika sabata ya maliro yomweyo, dalaivala aliyense osadziwa woti amupatse ndalama za tsikulo.

Chinthu chimodzi chimene loya sangakuchitire ndi kulankhula ndi abale ako. Wilo imene yatulukira mwadzidzidzi pambuyo pa maliro, ngakhale ikhale yolembedwa bwino chotani, a kumudzi amaikayikira. Amati mlamu wapeka, kapena anamugwira dzanja ali chikomokere kuchipatala. Ndikudziwa bambo wina wopuma pantchito amene anachita mosiyana. Pa Khirisimasi ina anaitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri, alongo ake ndi ana ake akuluakulu, anapha mbuzi, ndipo atadya anati, "Ndili bwino, sindikudwala, koma ndikufuna mumve pakamwa panga." Sanawerenge ndalama iliyonse. Anangonena za nyumba, za munda wa kumudzi umene anati utsate mwambo ndi mafumu monga mwa kale, za amene adzayendetse zinthu, ndi kumene akufuna kudzaikidwa, nkhani imene payokha yagawanitsa mabanja ambiri mtembo uli kumotchale. Mlongo wake wina analira, wina anadandaula kuti gawo lake lachepa. Anakambirana mpaka madzulo, ndipo bamboyo anasinthadi chinthu chimodzi atamva dandaulolo, zimene sizikanatheka akanakhala kuti wapita kale.

Atatero anabwerera kwa loya, anasaina wilo yatsopano pamaso pa mboni ziwiri zosakhala za pabanja, n'kung'amba imene analemba poyamba. Sanaisunge m'sutikesi ya pansi pa bedi, mmene mapepala amasowera usiku wa maliro anthu ali piringupiringu m'nyumba. Lamulo limalola kuisungitsa kukhothi lalikulu, kwa a DC, kwa loya kapena kubanki. Iye anasiya yake kwa loya, ndipo anauza mkazi wake, mwana wake woyamba ndi ankhoswe a kwawo dzina la ofesiyo ndi msewu umene ili.